Mwana akamakana nsima ufa uli m'nyumba: n'za kumtundu kapena za kumene wakulira?

Kwathu kuno ku Dedza, munthu akaonda mafunso timakhala nawo kale. Kunyumba kuli chakudya? Wakayezetsa magazi? Akutsokomola? Si shuga ameneyu? Agogo akakhala pafupi amafunsa lawo motsitsa mawu: "Kodi mwanayu sanam'tsemphe?" Mafunsowa sitifunsa pachabe, pakuti njala, HIV, TB ndi shuga zatiikitsa maliro ambiri. Koma pali kuonda kwina kumene mafunsowa sakugwira. Ufa uli m'nyumba, mbatata ili pakhonde, kuchipatala ayeza zonse osapeza kanthu, koma mtsikana wa Fomu 3 akungonyemanyema mtanda umodzi, kuutembenuza m'mbale, kenako n'kunena kuti, "Ndakhuta, amayi." Mawa lake chimodzimodzi. Pakatha miyezi isanu siketi ya yunifolomu akuimanga ndi pini, kusamba kwa mwezi ndi mwezi kwasiya, ndipo mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, iye wavala juzi.

Amayi ake amayamba ndi kunyengerera, "Tadyako pang'ono mwanawe," kenako kukalipa, kenako misozi. Abambo amati ndi matama a kusukulu. Atsibweni akaitanidwa amati mwina pali mnyamata, azakhali amati tipite naye kumapemphero. Pakapezeka wina n'kutchula dzina la matendawa, anorexia, yankho limabwera msanga: "Amenewo ndi matenda a azungu, anthu okhuta. Ife kuno tikulimbana ndi njala." Yankho limeneli lili ndi kachoonadi kake, ndipo ndikafikako. Koma likutiphimba m'maso. Zimene akatswiri apeza pa zaka 30 zapitazi zikusonyeza kuti anthu ena amabadwa ndi chiopsezo cha matendawa, ndipo chimene chimachidzutsa kawirikawiri ndi thupi kukhala nthawi yaitali likulandira chakudya chochepa kuposa chimene likugwiritsa ntchito, kaya chachititsa n'chiyani. Zochititsa zoterozo kuno sizisowa.

Matendawa ndi angapo. Anorexia nervosa ndi pamene munthu akudzimana chakudya mpaka thupi kutha, chakudyacho chilipo. Dzinali analipereka William Gull, dokotala wa ku London, mu 1873, ndipo chaka chomwecho Charles Lasègue wa ku Paris analemba za odwala ofanana nawo. Bulimia nervosa, imene Gerald Russell anaifotokoza mu 1979, ndi pamene munthu amadya chakudya chochuluka nthawi imodzi, osatha kudziletsa, kenako n'kudzisanzitsa kapena kumwa mankhwala otsegula m'mimba. Thupi lake limatha kuoneka labwinobwino, n'chifukwa chake amabisala zaka. Palinso binge eating disorder, kudya mosadziletsa koma osadzisanzitsa, imene inalowa m'buku la madokotala a maganizo a ku America ngati matenda paokha mu 2013. Bungwe la WHO linati mu 2019 anthu 14 miliyoni padziko lonse anali ndi matenda a kadyedwe, ndipo pafupifupi 3 miliyoni mwa iwo anali ana ndi achinyamata. Mu 2011 Jon Arcelus ndi anzake anaphatikiza akafukufuku ambiri n'kupeza kuti wodwala anorexia ali ndi chiopsezo cha imfa choposa kasanu poyerekeza ndi anzake a msinkhu womwewo, ndipo imfa imodzi pa zisanu zilizonse ndi yodzipha. Anyamata nawonso amadwala, ngakhale atsikana ndi amene amachuluka.

Za kumtundu

Mawu akuti "za kumtundu" timawadziwa bwino. Timati mphumu ndi ya kumtundu, dazi ndi la kumtundu, ukali wa uje anatengera agogo ake. Asayansi amanena za DNA, ulusi wautali umene uli m'maselo a thupi, wokulungidwa m'mitolo 46 yotchedwa makromozomu, 23 yochokera kwa mayi, 23 kwa bambo. Pa ulusiwo pali malangizo pafupifupi 20,000 a mmene thupi lipangidwire ndi kugwirira ntchito. Ena polemba Chichewa amawatcha majini, koma liwu limeneli ndikulipewa dala, chifukwa kwathu kuno majini ndi mizimu, ndipo mwana wodwala matendawa amakhala atanenedwa kale kuti ali ndi majini. Ndizingoti malangizo a chibadwa.

Umboni woyamba unachokera m'mabanja. Mu 2000 Michael Strober wa ku Los Angeles ndi anzake anapeza kuti abale aakazi a wodwala anorexia, monga mayi ake kapena mchemwali wake, ali ndi mpata wodwala matenda omwewo wochuluka pafupifupi ka 11 kuposa abale a munthu amene sanadwalepo. Chiwerengerochi n'chachikulu, koma pachokha sichithetsa mkangano. Anthu a banja limodzi sagawana magazi okha. Amadya m'mbale imodzi, amamva mawu omwewo, amapemphera tchalitchi chimodzi. Kodi wapatsira mwana ndi magazi kapena ndi mphika?

Apa m'pamene amapasa amathandiza. Pali amapasa ochokera ku dzira limodzi, ofanana ngati madontho a madzi, amene DNA yawo ndi imodzi pafupifupi yonse. Palinso ochokera ku mazira awiri, amene amagawana theka lokha la malangizo osiyanitsa anthu, monga ana ena onse a bere limodzi. Onsewa amakulira m'nyumba imodzi, nthawi imodzi. Ngati mphika ndiwo ukudwalitsa, mitundu iwiri ya amapasayi iyenera kudwalira limodzi mofanana. Ngati magazi ali ndi gawo, ofanana aja ayenera kudwalira limodzi kawirikawiri kuposa enawo, ndipo n'zimene zimapezeka. Dziko la Sweden lili ndi kaundula wa amapasa, ndipo mu 2006 Cynthia Bulik ndi anzake anafufuza anthu 31,406 a m'kaundulayo n'kupeza kuti magawo 56 pa 100 a kusiyana kwa chiopsezo cha anorexia pakati pa anthu amachokera ku chibadwa. Akafukufuku ena apeza ziwerengero zokwererapo kapena zotsikirapo, koma ambiri amazungulira pa theka kapena kupitirira pang'ono. Bulimia ndi kudya mosadziletsa kuja nazonso zimayenda kumtundu.

Chiwerengero cha 56 chimasocheretsa anthu ambiri. Sichikutanthauza kuti mwana wa mayi amene anadwalapo ali ndi mpata wa 56 pa 100 wodwala. Anorexia si matenda ofala, choncho ngakhale mutachulukitsa chiopsezo ka 11, abale ambiri sadwala. Sichikutanthauzanso kuti theka la matenda a mtsikana uja ndi la magazi, theka n'la kusukulu, ngati tikugawana munda. Chimangonena za gulu la anthu a malo amodzi pa nthawi imodzi: pa kusiyana kwawo, gawo ili likufotokozeka ndi chibadwa. Ndipo amapasa omwewo ndiwo umboni wakuti chibadwa si chigamulo, chifukwa kawirikawiri mmodzi amadwala, mnzake wa DNA yomweyo osadwala moyo wake wonse.

Mu 2019 panatuluka kafukufuku amene anasintha kaganizidwe ka ambiri. Hunna Watson, Bulik ndi akatswiri ena ochuluka anayerekeza DNA ya anthu 16,992 amene anadwalapo anorexia ndi ya anthu 55,525 amene sanadwalepo, ochokera m'mayiko 17. Anapeza malo 8 pa ulusi uja amene akukhudzana ndi matendawa. Palibe limodzi mwa malowa limene palokha lingadwalitse munthu. Lililonse limangokankha pang'ono, ndipo n'zodziwikiratu kuti alipo ena mazanamazana, aliyense ndi kakankhidwe kake kakang'ono. Anapezanso kuti malangizo amenewa amalowerana ndi a matenda ena a maganizo: nkhawa, kukhumudwa kwakukulu, ndi matenda aja amene munthu amabwereza chinthu chimodzi mosatha kusiya, monga kusamba m'manja kambirimbiri. Izi ankaziyembekezera. Chodabwitsa chinali chakuti amalowerananso ndi malangizo oyendetsa mmene thupi limasungira mafuta, mmene limagwiritsira ntchito shuga ndi insulin (homoni yoyendetsa shuga m'magazi), komanso mtima wokonda kutakataka. Anthu otengera chiopsezo cha anorexia amakonda kutengeranso thupi losasunga mafuta msanga. Ndiye kuti nkhaniyi si ya m'mutu mokha. Thupi lenilenilo limayankha njala mosiyana.

Ndinene apa kuti anthu onse a m'kafukufuku ameneyu anali a mtundu wa ku Ulaya. Chibadwa cha anthu a mu Africa ndicho chosiyanasiyana kwambiri padziko lonse, choncho malo 8 aja sitingawatenge n'kuwaika pa Mchewa wa kwa Kachindamoto kapena Mngoni wa kwa Gomani ngati mmene alili. Koma njala, ubongo ndi kutha msinkhu tili nazo tonse.

Chimene njala imachita

Kuti timvetse kusiyana kumeneku, tione kaye chimene njala imachita kwa munthu wamba. Chakumapeto kwa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, mu 1944 ndi 1945, Ancel Keys wa pa yunivesite ya Minnesota anatenga anyamata 36 athanzi, okana usilikali chifukwa cha chikumbumtima, amene anadzipereka okha. Kwa miyezi isanu ndi umodzi ankawapatsa pafupifupi theka la chakudya chimene matupi awo ankafuna, makamaka mbatata, kabichi ndi buledi, zakudya zimene mungazipeze pamsika wa Lizulu, uku akuyenda makilomita 35 pa sabata. Anataya gawo limodzi mwa magawo anayi a kulemera kwawo. Chimene chinachitika m'maganizo mwawo ndicho chofunika. Ankangoganiza za chakudya, kulota chakudya, kutolera mabuku a kaphikidwe, kudya pang'onopang'ono kwa maola, kunyambita mbale. Anakhala okwiya msanga, odzipatula, ozizidwa nthawi zonse. Mmodzi anadzidula zala zitatu ndi nkhwangwa. Atawamasula, ena ankadya mpaka kudwala koma osamva kukhuta, ndipo izi zinatenga miyezi.

Amene anaona njala ya 2002 ku Dedza ndi ku Ntcheu, kapena anamva agogo akusimba za 1949, palibe chachilendo apa. Koma taonani zinthu ziwiri. Zambiri zimene timaona mwa wodwala anorexia n'kumati ndi khalidwe lake, monga kuuma mutu, kukwiya, kuphikira ena iye osadya, kunyemanyema chakudya, ndi ntchito ya njala pa ubongo. Chachiwiri, anyamata a Keys ankaifuna nsima ndi mtima wonse, ndipo itabwera anadya. Kwa anthu ambiri njala ndi chilango, thupi limakuwa mpaka ulipatse.

Kwa ochepa aja otengera chiopsezo, njala imakhala ngati mpumulo. Walter Kaye ndi anzake anapeza mu 2004 kuti pafupifupi awiri mwa atatu alionse odwala anorexia kapena bulimia anakhalaponso ndi matenda a nkhawa, ndipo kwa ambiri nkhawayo inayamba ali ana, vuto la kadyedwe lisanaoneke. Awa ndi ana aja timawayamikira: waukhondo, womvera, wosalakwitsa, amene akapeza 85 amalira chifukwa si 100. Mumtima mwake mumakhala phokoso losatha. Tsiku lina, pa chifukwa chilichonse, wakhala ndi njala nthawi yaitali, n'kupeza kuti phokoso lija latsika. Ubongo umaphunzira msanga kuti kusadya kumatonthoza, kudya kumabweza mantha. Kuchokera pamenepo sakusankhanso momwe ife timaganizira.

Makoswe amachitira umboni. Mu 1967 Routtenberg ndi Kuznesof anaonetsa kuti khoswe akamapatsidwa chakudya ola limodzi lokha patsiku, n'kumuikira gudumu lothamangamo, amayamba kuthamanga mowonjeza, kudya mocheperachepera, mpaka kufa ngati sam'chotsamo. Khoswe alibe galasi, alibe foni, safuna kusangalatsa mnyamata. Njira yopita ku matendawa ili m'thupi momwemo, ndipo kufuna kuoneka bwino ndi khomo limodzi chabe lolowera.

Nthawi yake imadziwikanso. Kelly Klump anatsatira amapasa aakazi a ku Minnesota ali ndi zaka 11, 14 ndi 18. Pa zaka 11 chibadwa chinkafotokoza magawo 6 okha pa 100 a mavuto a kadyedwe, koma pa zaka 14 ndi 18 chinafika pa 46. Malangizo aja amakhala ali gone mpaka mtsikana atatha msinkhu, pamene mahomoni achikazi amawadzutsa. Makolo athu ankadziwa kuti nyengo imeneyi ndi yosalimba. Zojambula zambiri za m'mapanga a Chongoni zikukhudza chinamwali, ndipo anamkungwi ankamugwira dzanja namwali pa nthawi yomweyi. Lero pa msinkhu umenewo mwana timamutumiza kusukulu yogonera, kutali ndi maso a amayi ake, kumene palibe amene amawerenga kuti wadya mitanda ingati.

Nkhungu ndi mvumbi

Mlimi wa mbatata ku Bembeke kapena ku Tsangano amadziwa kuti chiwawu sichigwira mbewu zonse mofanana. Ina imapsa masamba sabata imodzi, ina imapirira. Amadziwanso kuti ngakhale mbewu yosapirira ija, nyengo ikakhala youma, amakolola bwinobwino. Chiwawu chimafuna nkhungu ndi mvumbi. Kufunsa kuti cholakwa ndi mbewu kapena nyengo ndi funso limene mlimi sangataye nalo nthawi. Fanizoli limapelewera pamodzi: nyengo ikasintha chiwawu chimaleka kufalikira, pamene anorexia ikakhazikika imadzidyetsa yokha, ngakhale chimene chinaiyambitsa chitaiwalika.

Nkhungu yodziwika kwambiri ndi chikhalidwe cholemekeza kuonda. Ku Fiji anthu ankakonda thupi lodzaza monga ife, ndipo kuonda ankakuona ngati matenda. Wailesi yakanema inafika m'chigawo cha Nadroga mu 1995, yodzaza ndi mapulogalamu a ku America, Britain ndi Australia. Anne Becker anafunsa atsikana a sukulu patangopita milungu yochepa, ndipo panalibe amene anati amadzisanzitsa kuti aonde. Mu 1998, atsikana 11 pa 100 alionse anati amatero. Ofunsidwawo anali ochepa, makumi asanu ndi limodzi ndi kanthu ulendo uliwonse, koma phunziro lake ndi lomveka: chibadwa cha anthu a ku Fiji sichinasinthe pa zaka zitatu, inasintha ndi nyengo. Ndipo 89 mwa 100 aja, ambiri a iwo oonera mapulogalamu omwewo, sanafike podzisanzitsa. Mu 2021 zikalata za m'kati mwa kampani ya Facebook zimene Frances Haugen anatulutsa zinaonetsa kuti kampaniyo inapeza yokha kuti atsikana 32 pa 100 alionse ofunsidwa anati akamadziona oipa thupi, Instagram imawonjezera ululuwo. Foni imene ili m'manja mwa mtsikana wa pa Dedza boma ikuonetsa zithunzi zomwezo.

Kwa nthawi yaitali ife tinali ndi chishango. "Koma ndiye mwanenepatu!" anali mawu oyamikira, chizindikiro chakuti banja likuyenda. M'zaka za kaliwondewonde, ma ARV aulere asanayambe mu 2004, palibe amene ankafuna kuoneka woonda, kuopa kulozedwa chala. Apa ndi pamene pali kachoonadi ka aja onena za azungu. Hans Hoek atafufuza pachilumba cha Curaçao m'nyanja ya Caribbean, anapeza odwala anorexia, koma osapeza ngakhale mmodzi pakati pa anthu akuda, amene ndiwo ochuluka kumeneko. Mu 2016 Daphne van Hoeken, Jonathan Burns ndi Hoek anaphatikiza akafukufuku anayi okhudza atsikana 1,476 a mu Africa. Sanapeze anorexia yokwanira zizindikiro zonse za m'mabuku, koma anapeza bulimia pafupifupi mwa mmodzi pa 100, ndi mavuto ena a kadyedwe osalowa bwino m'magulu odziwika mwa oposa 4 pa 100. Ndiye kuti anorexia ya m'mabuku ikhoza kukhaladi yosowa kuno, koma matenda a kadyedwe alipo. Chishango chija nachonso chikung'ambika. Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti amayi 21 pa 100 alionse m'Malawi ndi onenepa mopitirira muyezo, kuchoka pa 10 mu 1992, pamene ana 37 pa 100 osakwana zaka zisanu ndi opinimbira. Uthenga wochepetsa thupi pofuna kupewa shuga ndi BP ndi woona ndi wofunika, koma umagweranso m'makutu a mwana wa zaka 14 amene sunali wake. Mtsikana wa lero akuuzidwa zinthu ziwiri nthawi imodzi: mimba ikhale yophwa, chiuno ndi matako zikhale zodzaza. Wina akumwa tiyi woondetsa, mnzake mapilitsi onenepetsa, onse akumenyana ndi thupi limene anatengera kwa agogo awo.

Mawu akuti "yokwanira zizindikiro zonse za m'mabuku" ali ndi msampha wake. Kwa zaka zambiri mabuku ankafuna kuti wodwala anene kuti akuopa kunenepa. Sing Lee ku Hong Kong anaona odwala ambiri oonda mpaka mafupa amene sankanena zimenezo. Ankati m'mimba mwadzaza, kapena chakudya sichikulowa. Ku Ghana, kafukufuku wa 2004 pa atsikana 668 a sekondale anapeza 10 oonda moopsa chifukwa chodzimana chakudya, ndipo sankakamba za kukongola. Ankakamba za kudziletsa ndi kupemphera. Zoterezi si zatsopano: Catherine wa ku Siena, woyera wa mpingo wa Katolika, anamwalira mu 1380 ali ndi zaka 33 atadzimana chakudya kwa zaka zambiri. Matendawa amalankhula chinenero cha malo amene afika. Pamela Keel ndi Klump, ataunika mbiri ndi mayiko osiyanasiyana mu 2003, anaona kuti kudzimana chakudya kotere kumapezeka m'mibadwo ndi m'zikhalidwe zambiri, pamene bulimia imadalira kwambiri chikhalidwe choopa kunenepa ndi kupezeka kwa chakudya chochuluka.

Ichi n'chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri kwathu kuno. Kusala kudya ndi mwambo wopatulika kwa Akhristu ndi Asilamu, ndipo anthu zikwizikwi amasala n'kumasula popanda vuto. Koma tiyerekeze atsikana awiri a hostelo imodzi, mayeso a MSCE ali pafupi, agwirizana kusala masiku 21 kuti akhoze. Tsiku lomasula wina akuthamangira tchipisi. Mnzake, wakhama uja, akuti awonjezereko sabata, chifukwa sanamvepo mtendere ngati umenewu. Onse omuzungulira akumutama kuti ndi wauzimu. Khomo lomwelo likhoza kutsegulidwa ndi malungo kapena taifodi imene yamuondetsa, ndi nyemba zofumbwa za kusukulu zimene wangoganiza zozisiya, ndi maphunziro olimba a mpira wa manja kapena kuthamanga, kapena ndi maliro a mayi amene amuchotsa chilakolako cha chakudya. Palibe chilichonse mwa izi chimene ndi cha azungu.

Umphawi nawo suteteza. Mu 2017 Carolyn Becker anafunsa anthu 503 olandira chakudya chachifundo ku San Antonio m'dziko la America. Amene njala inawafika poti ngakhale ana awo ankagona ndi njala ndiwo anali ndi vuto lalikulu la kudya mosadziletsa, ndipo 17 pa 100 mwa iwo anali ndi zizindikiro za matenda enieni a kadyedwe. N'zimene Keys anaona: thupi lomanidwa likapeza chakudya limalephera kuima. Ife chaka chilichonse timadutsa mu Januwale ndi Febuluwale wa njala, kenako m'masika a zochuluka. Komabe pamafunika kusamala pofunsa. Daniel le Grange ndi anzake ku South Africa anapeza kuti achinyamata osauka ankayankha kuti inde, amangoganiza za chakudya, ndipo mafunso a pa pepala ankawaika m'gulu la odwala, pamene chifukwa chake chinali chakuti kunyumba kulibe chakudya. Mwana wanjala amadya ukamupatsa. Wodwala anorexia amachita mantha ukamupatsa.

Pali nkhungu zina zimene sizidutsa pa mbale. Kugwiriridwa, kumenyedwa, ndi kunyozedwa chifukwa cha thupi zimakweza chiopsezo, makamaka cha bulimia ndi kudya mosadziletsa. Mayina aja timapatsana mosewera, monga "Nkhumba", amapweteka kwambiri mwana amene mabere angoyamba kumera. Nyengo imathanso kusiya chizindikiro pa DNA yeniyeniyo osasintha malembo ake. Anthu amene anali m'mimba mwa amayi awo pa njala ya ku Netherlands ya 1944 mpaka 1945 anapezeka, patapita zaka 60, ali ndi zizindikiro zosiyana ndi za abale awo pa langizo lina loyendetsa kakulidwe, komanso ankadwala kwambiri shuga ndi mtima. Malire a chibadwa ndi malo okulira sali ngati mzere wa pakati pa Malawi ndi Mozambique pamsewu wa Lizulu, woti ungaloze kuti uku n'kwathu, uko n'kwawo.

Kudya dothi, kumene amayi ambiri oyembekezera amachita, madokotala amakutcha pica, ndipo kawirikawiri kumayendera limodzi ndi kuchepa kwa ayironi m'magazi. Imeneyo ndi nkhani ina, yofunika kuitchula kusikelo.

Nanga makolo?

Kwa zaka pafupifupi 100 madokotala ankaloza chala makolo. Gull ankati achibale ndiwo osamalira oipitsitsa, Jean-Martin Charcot ku Paris ankalamula kuti wodwala apatulidwe kwa iwo, ndipo m'ma 1970 Salvador Minuchin ankaphunzitsa kuti pali mtundu wa banja umene umabala matendawa. Kafukufuku wa amapasa anagwedeza maganizo amenewa, chifukwa zimene ana a nyumba imodzi amagawana zinapezeka kuti zili ndi gawo laling'ono poyerekeza ndi chibadwa ndi zimene zimagwera mwana aliyense payekha. Banja limene dokotala amaliona losokonekera nthawi zambiri lasokonekera chifukwa likuona mwana wawo akutha. Mu 2010 bungwe la Academy for Eating Disorders linanena poyera kuti likukana chiphunzitso chilichonse choika banja ngati gwero lalikulu la matendawa. Njira imene yaonetsa zotsatira zabwino kwa achinyamata, yoyambira pa chipatala cha Maudsley ku London m'ma 1980, imachita zosiyana ndi Charcot: makolo ndiwo amatenga udindo wa mbale, kukhala naye pa chakudya chilichonse modekha, osakalipa, osagonja, mpaka thupi libwerere ndipo ubongo uyambenso kuganiza bwino.

Njira imeneyi ikufanana ndi moyo wathu kuposa wa ku London. Ife timadyera pamodzi, ndipo mwana si wa anthu awiri okha. Agogo, azakhali, atsibweni ndi achemwali akhoza kusinthana pa mkeka. Chimene chidziwitso cha chibadwa chikuwonjezera ndi tcheru. Banja limene muli anthu a nkhawa kwambiri, kapena limene wina anadzimanapo chakudya mpaka kudwala, lisalole mwana wongotha msinkhu kusala masiku ambiri kapena kuyamba zochepetsa thupi popanda womuyang'anira, ndipo akaonda ndi matenda ena alionse, aonetsetse kuti thupi labwerera.

Kuchipatala ayambe ndithu ndi kuyeza HIV, TB, shuga ndi njoka za m'mimba. Zonse zikapanda kupezeka, pali mafunso ena oyenera kufunsidwa mwanayo ali yekha: ukamadya umamva bwanji mumtima? Pali zakudya zimene ukuziopa? Umadzisanzitsa? Unasiya liti kusamba? Zipatala za maboma zimakhala ndi ogwira ntchito za matenda a maganizo, ndipo kupitirira apo kuli St John of God ku Lilongwe, komanso chipatala cha Zomba Mental. Mwana amene waonda kwambiri, akukomoka, kapena mtima wake ukugunda pang'onopang'ono, musam'dzaze nsima ndi nyama kunyumba tsiku limodzi. Thupi limene lakhala ndi njala nthawi yaitali likalandira chakudya chambiri mwadzidzidzi, mchere wa phosphate umatsika m'magazi ndipo mtima ukhoza kuima. Anamwino a ku NRU, kumene amagonekako ana onyentchera, amazidziwa bwino zimenezi. N'chifukwa chake mwana wonyentchera amamuyamba ndi mkaka wa F-75 pang'onopang'ono, chiponde n'kubwera pambuyo pake.